Lamulo la Wobera ndi Woberedwa

Padangokhala, kalekale nyama zisanataye mabuku, yunivesite imodzi kumene nyama zonse zinkatumiza ana awo. Mkulu wa yunivesiteyo anali a Pulofesa Njati, ndipo wosunga malamulo anali Mlembi Wamkulu, a Nungu. Malamulowo anali ochuluka ngati minga ya pamsana pa mwini wakeyo, koma limene ophunzira ankanjenjemera nalo linali limodzi. Linkati wophunzira akabera mayeso kwa mnzake, wobera ndi woberedwa onse awiri aone msana wa njira, ndipo asadzapondenso pasukulupo mpaka kalekale. Akuti kale ophunzira ankaonetsana mayankho mwadala, akagwidwa aliyense n'kumati, "Ine sindimadziwa." Akuluakuluwo kufufuza kunawatopetsa, ndiye anangogwirizana zomasesa onse. Unali ulesi basi, koma atauveka gauni anautcha lamulo, ndipo palibe ankatsutsa.

M'chaka chomaliza munali mtsikana wina, Gologolo. Mutu wake unali wakuthwa, koma mtima unali wapachala. Kwawo kunalibe amene anavalapo gauni ya digiri, ndipo mayi ake anali atauza kale mudzi wonse kuti chaka chino kukhala nthungululu. Kuti avale gauniyo, Gologolo anatsala ndi mapepala atatu okha.

Tsoka lake, m'chipinda cha mayeso malo ankatsata nambala, ndipo nambala yotsatira yake inali ya Nyani. Nyani ameneyu m'kalasi ankalowamo pokhapokha kunja kukagwa mvula. Masiku ena onse ankangouza anzake kuti akamumverere. Zaka zonsezo anawerenga buku limodzi lokha, la malamulo, koma limenelo analiloweza mpaka kuchikuto.

Tsiku la pepala loyamba, woyang'anira mayeso anali a Bilimankhwe, aja a diso lina kuno lina uko. Belu litalira, Gologolo anawerama n'kuyamba kulemba. Posakhalitsa anamva mpweya wotentha ukumuomba pakhosi. Atacheuka pang'ono anapeza Nyani watalikitsa khosi, maso ali pa pepala lake, dzanja likuthamanga. Gologolo anakweza mchira n'kuphimba pepalalo. Nyani sanachite kuganiza kawiri. Anaugwira mchirawo n'kuukoka mpaka ubweya kuthothoka.

"Mayo ine!"

"Ndani akulankhula?" anafunsa a Bilimankhwe.

"Ndine, bwana, koma..."

"M'mayeso mulibe koma. Mukatsegulanso pakamwa mutuluka."

Gologolo anapitiriza kulemba, mpweya uja uli pakhosi mpaka belu lomaliza. Atangotuluka anamupeza Nyani atakhala pakhonde, akukukuta chimanga chowotcha.

"Iwe mbala! Chitsiru chopanda manyazi! Ndikukakunenera pompano!"

"Achemwali, tsitsani mawu, mungadzipweteke," anatero Nyani, osasiya kutafuna. "Pitani ndithu. Kapena ndikuperekezeni? Ofesi ya a Nungu ndimaidziwa. Koma mukatchula dzina langa mwatchulanso lanu. Ine ndikapanda kubera ndalephera kale, ndiye kundichotsa sukulu n'kungondifupikitsira ulendo. Nanga inu? Mukawauza chiyani amayi?"



"Komanso musade nkhawa," anapitiriza Nyani. "Ine sindikopera ngati mwana wa pulaimale. Ndimasintha apa ndi apo, ochonga sangazindikire. Inu mukhoza, ine ndikhoza, gauni tivala tonse. Chimanga ichi, lumaniko."

Paja wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Gologolo analunjika ku ofesi ya a Nungu, n'kuzikakamiza kulankhula mwaulemu.

"Bwana Mlembi, ndabwera ndi nkhani ya mnzanga wina."

"Mnzanuyo alibe miyendo?"

"Ali nayo, bwana, koma akuopa. Amene amakhala kumbuyo kwake akumubera mayankho."

"Tchulani mayina. Onse awiri achoka lero lomwe."

"Koma mnzangayo sakufuna kuberedwa! Akaphimba pepala, winayo akumukoka mchira."

A Nungu anayang'ana mchira wa Gologolo, wothothoka ubweya kunsonga, n'kubweza maso awo pa desiki ngati sanaone kanthu.

"Mwana wanga, aliyense amene tinamugwirapo ananena zomwezo. Pepala silidzionetsa lokha."

"Nanga osangomusintha malo?"

"Malo amatsata nambala."

"Ndiye atani, bwana?"

"Asunge khosi. Kwatsala mapepala awiri okha."

Gologolo anatuluka mtima ukuwira. Poti sakanatha kutukwana a Nungu, anayamba kuimba. Inali nyimbo yaifupi, yothamanga, yoimbira m'mano. Inkafunsa ngati kuli dziko limene mbala ikathyola m'munda amamanga ndi mwini munda yemwe, ndipo povomereza pake pankangobwereza funso lomwelo. Sinkatchula dzina la aliyense. Ophunzira amene anakumana naye panjira anamva, ena n'kuvomereza chapansipansi, maso ali ku ofesi ija.

Tsiku la pepala lachiwiri, Gologolo anabwera ndi nzeru. Analemba mayankho abodza okhaokha, akuti Nyani akopere, akapereke pepala lake, iye atsale akukonza. Nyani anakoperadi, koma atamaliza sanadzuke. Anapinda manja n'kukhala phee. Gologolo anadikira. Nyani anadikiranso. A Bilimankhwe atalengeza kuti nthawi yatsala pang'ono, Gologolo anagwidwa njakata. Akapanda kukonza, walephera ndi mabodza ake omwe. Anayamba kufufuta ndi kulemba zoona mothamanga, Nyani naye kumbuyo akufufuta ndi kulemba. Belu linalira Gologolo asanafike pa funso lomaliza.

"Nzeru imeneyo n'njakale, achemwali," anatero Nyani panja. "Mbawala anandichitapo chaka chatha. Lero ali kwawo, akulima. Mwaonatu, mwatiwonongera funso lathu lomaliza. Mawa musachitenso zachibwana."

Funso lathu! Gologolo anamusiya Nyani n'kuthamangira a Bilimankhwe, amene anali akadayenda pang'onopang'ono ndi mapepala kukhwapa.

"Bwana, maso anu amaona mbali zonse. Mukufuna kundiuza kuti simunaone?"

"Ndinaona," anayankha a Bilimankhwe. "Diso ili linaona wina akusuzumira. Diso lina ili linaona pepala la wina lili poyera. Ndikalemba lipoti, ndilemba za maso onse awiri. Ndilembe?"

Gologolo anayang'ana mapepala amene anali kukhwapa kwawo aja.

"Ndafunsa. Ndilembe?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye mukanathokoza."

"Zikomo, bwana."

Zikomo ameneyo anamuwawa kuposa mchira uja. Kuberedwa iye, kuthokozanso iye! Anaiyambanso nyimbo yake, ulendo uno mokweza, n'kuwonjezera ndime yonyoza mlonda amene amaona mbala n'kufunsa mwini munda ngati akufuna kumangidwa. Ovomereza anachuluka, koma aliyense ankavomereza atayang'ana kumbali.

Pepala lachitatu linali la phunziro la kupulumuka kwa adani, ndipo Gologolo ankadziwa kuti akapanda kulikhoza bwino, funso limene anasiya lija limugwetsa. Pepala limeneli silinkachongedwa ndi aphunzitsi a pasukulupo. Ankachonga woyesa wochokera ku yunivesite ina, a Dokotala Nyalubwe. Gologolo ankawadziwa, chifukwa anabwerapo kudzaphunzitsa tsiku lina. Wophunzira wina ataseka pang'ono poona mmene ankanyambitira dzanja asanatsegule tsamba, anamuthamangitsa kuzungulira kalasi yonse. Anali ophunzira kwambiri, koma nthabwala sankazidziwa. Nyani zimenezi sanazione, poti tsikulo kunalibe mvula.

Gologolo anaganiza mpaka mutu kutentha, kenako anaseka yekha. "Nyani sangavomere kuti anabera," anatero mumtima. "Akafunsidwa alumbira kuti zonse n'za m'mutu mwake. Chabwino, zikhale zakedi. Azisenze yekha. Palibe wobera, palibe woberedwa, lamulo ligona tulo, ine ndivala gauni."

M'mawa mwake funso lalikulu linali lakuti: fotokozani mmene mungapulumukire a Nyalubwe atakupezani pabwalo la yunivesite ino. Gologolo anaika mchira wake pambali mwaulemu, n'kusendeza pepala kumphepete kwa desiki, n'kulemba zilembo zikuluzikulu. Analemba kuti iye angathamangire pa mkuyu wa pakati pa bwalo, n'kulowa m'mphako yake ya m'munsi. Anawonjezera kuti njira imeneyi anaiyesapo kambirimbiri, ndipo a Nyalubwe amangotsala panja akunyambita milomo ngati mphaka wa m'khitchini, chifukwa liwiro lawo ndi la m'mabuku chabe.

Nyani kumbuyo anakondwa kuona kuti mtsikanayo waphunzira mwambo. Anasintha apa ndi apo monga mwa chizolowezi. Pamene Gologolo analemba kuti ndingathamange, iye analemba kuti ndingaliyatse liwiro. Koma atafika pa mphaka paja anaseka chamumtima, n'kuthirapo mchere wake. Analemba kuti mphaka wake ndi wokalamba, wakugwa mano.

Sipanapite masiku, onse awiri anaitanidwa pabwalo. Panali a Njati, a Nungu, a Bilimankhwe, ndi ophunzira onse. A Nyalubwe anaima kutsogolo, mapepala awiri ali m'manja, mchira ukumenya pansi.

"Mayankho awa akufanana," anatero a Njati. "Alipo anabera mnzake?"

"Ine ndinalemba za m'mutu mwanga, bwana," anayankha Gologolo, ndipo sananame.

"Nanga inu a Nyani?"

"Pali amayi anga kumanda, bwana, liwu lililonse ndi langa. Mphakoyo ndimalowamo pafupifupi tsiku lililonse. Kufanana maganizo si mlandu, ndipo m'buku la malamulo mulibemo zimenezo."

A Nungu anagwedeza mutu kuvomereza kuti mulibemodi.

"Zabwino," anatero a Nyalubwe, mawu ali pansipansi. "Ine za kubera sizikundikhudza. Woyesa wochokera kunja ali ndi mphamvu yoyesa wophunzira pamaso. Si choncho, a Mlembi?"

"Zili choncho, a Dokotala."

"Ndiye aliyense achite zimene analemba. Mphaka uja ndine pano. Tiyambe ndi mtsikanayu."

Gologolo sanadikire kuti amuuze kawiri. A Nyalubwe podumpha, iye anali atafika kale pa mkuyu, n'kulowa m'mphako. Chikhadabo chinangopala khungwa. Ali m'katimo anaiyamba nyimbo yake ija, ndipo mphakoyo inkaikuza mawu mpaka bwalo lonse kumva funso la mwini munda. Ophunzira analephera kudziletsa, anavomereza poyera. A Nyalubwe anaganiza kuti akuimbidwa ndi iwo, ndipo ukali wawo unawirikiza. Gologolo anatulukira pa bowo lakumwamba n'kukhala panthambi.

"Wakhoza," anatero a Nyalubwe, mano ali pamtunda. "Tsopano uja wa mphaka wakugwa mano."

"Bwana Dokotala," anatero Nyani, thukuta lili kamukamu, "zijazi zinali za papepala chabe. Mayeso timangolemba."

"Mwalumbira pali amayi anu kuti mumalowamo tsiku lililonse. Thamangani."

Nyani analiyatsadi liwiro, monga analembera. Anafika pa mkuyu n'kudziponya pa mphako. Mutu unalowa, mapewa analowa mokakamiza, koma pamimba panakana. Kutsogolo osapita, kumbuyo osabwerera. Zonse za kumbuyo zinatsala panja, zili poyera, ndipo a Nyalubwe anafika n'kuyamba kuchonga ndi zikhadabo.

"Mayo! Ndinabera! Ndinabera kwa Gologolo! Ndisiyeni, mano muli nawo!"

A Nyalubwe atakhutira kuti ulemu wawo wabwerera, anapukuta manja n'kulengeza kuti wophunzira ameneyu walephera. Anzake anamuzula Nyani m'mphakomo n'kumugoneka pa machira chafufumimba, kumbuyo kuli psuu, kopanda ndi ubweya umodzi womwe.

Aliyense pabwalopo anayang'ana a Nungu. Paja Nyani anali atamutchula dzina Gologolo. Koma a Nungu anatsokomola n'kunena kuti, "Mawu amene wophunzira wanena ali m'zikhadabo sitiwalandira ngati umboni. Chimene tikudziwa n'chimene analumbira ali bwinobwino. Palibe anabera."

Pamenepo Gologolo anali atawina. Nyani walephera, iye wakhoza, lamulo lagona. Chimene chinatsala n'kutseka pakamwa, kutsika mumtengo, n'kukayesa gauni. Ine amene ndikusimba nthanoyi ndikafika apa ndimalakalaka nditakwera panthambipo n'kumugwira pakamwa mwana ameneyu. Koma a Njati anaimirira n'kukonza gauni yawo.

"Mwaona nonse," anatero. "Ena amang'ung'udza, ena mpaka kupeka nyimbo, kuti malamulo athu ndi ouma. Koma chifukwa cha malamulo amenewa, pa yunivesite ino palibe wophunzira amene amabera mnzake. Akanakhalapo, a Bilimankhwe akanaona. Akanakhalapo, wina akanabwera ku ofesi ya a Nungu kudzadandaula. Tiyeni tiwaombere m'manja akuluakulu awiriwa."

A Nungu ndi a Bilimankhwe anawerama kulandira ulemu. Gologolo anawayang'ana, n'kuyang'ana mchira wake wothothoka, ndipo chinachake chinaduka m'chifuwa mwake.

"Bodza! Bodza lamkunkhuniza!" anakuwa ali panthambi. "Nyani wandibera mapepala onse atatu! A Bilimankhwe munaona ndi maso onse awiri, n'kundiuza kuti ndithokoze! A Nungu ndinabwera ku ofesi kwanu, munaona mchira uwu, n'kundiuza kuti ndisunge khosi! Ndani anandithandiza? Ndinadzithandiza ndekha! Mphako ija ndinailemba dala, zilembo zikuluzikulu, pepala ndinalisendeza kumphepete kuti mbala iyi ione bwino, ikalowe pamene singakwane! Ntchito yanu ndakugwirirani ine, lero mukuomberana m'manja?"

Palibe anaomba m'manja. A Nungu anazula munga umodzi pamsana pawo, n'kuuviika mu inki.

"Bwerezani pang'onopang'ono, mwana wanga. Mwati pepala munalisendeza kumphepete?"

"Ndatero!"

"Kuti mnzanu aone bwino?"

"Kuti akapwetekeke! Kodi kumeneko n'kumuthandiza? Lamulo lanulo munaikira othandizana!"

"Lamulo silifunsa chifukwa," anatero a Nungu akulemba. "Inu simuli m'zikhadabo za aliyense. Mwanena nokha, pamaso pa bwalo, kuti munaberedwa, ndiponso kuti munaonetsa mwadala. Zoti munabwera ku ofesi ndikukumbukira, koma munati ndi nkhani ya mnzanu wina."

"Ine lipoti ndinafuna kulemba," anawonjezera a Bilimankhwe. "Anakana ndi iyeyu."

A Njati anapukusa mutu ngati achisoni. "Mwana wanzeru chotere. Gologolo, dzuwa lisanalowe mukhale mutachoka pa yunivesite ino, ndipo musadzabwerenso."

Gologolo anaona kuti wataya bomwetamweta, koma anati bola asapite yekha.

"Chabwino! Lamulo likuti onse awiri. Nanga uyo?"

A Nungu anayang'ana pa machira paja. "Mlandu wa a Nyani ulipo ndithu. Koma wophunzira wodwala kapena wovulala saimikidwa pa mlandu mpaka atachira. Pakadali pano akhalabe wophunzira wathu, azidya ndi kugona konkuno. Chilonda chikadzapola tidzamuitana. Musade nkhawa, mlandu suola."

Nyani, amene nthawi yonseyi ankangobuula, anasiya kubuula. Anatsegula diso limodzi n'kuyang'ana a Nungu. Kenako, pang'onopang'ono, anatambasulira dzanja kumbuyo n'kuyamba kukanda pachilonda.

Ndipo sanasiye. Chilonda chikati chiyambe kuuma, iye amachikanda. Akuluakulu akatumiza mthenga kuti akaone ngati wachira, Nyani amangotembenuka n'kumuonetsa, mthengayo n'kubwerera kukanena kuti kukadali kofiira. N'chifukwa chake mpaka lero mukamuona Nyani, zikundu zili psuu, dzanja lili komweko, ndipo mlandu wake sunakambidwebe.

Gologolo sanapite kwawo, poti analibe mawu okawauza mayi ake. Anakhalira m'mitengo. Nyimbo ija inamuthera mawu pakamwa, kunangotsala ukali wokhawokha. Mukadutsa pansi pa mtengo n'kumva akukulalatirani, mchira ukugwedezeka, musamugende. Akufunsa aliyense wodutsa funso limene akuluakulu aja sanamuyankhe, ndipo gauni sanaivale.

Yanga yathera pamenepa. Mukakaisimba kwina, mukanene kumene mwaitenga.